Dzina Limene Linatsala pa Tsamba Loyera

Kalekale, koma osati kale la makolo, pakuti mafoni anali atafika kale m'manja mwa anthu, kunali mudzi wina m'tsinde mwa phiri. Nkhaniyi ndinaimva kwa anthu atatu amene anaichita, aliyense payekha, ndipo ndiinena monga anandiuzira. Pamene ndaphonya, Mulungu andikhululukire.

Chaka china napolo anatsika m'phirimo m'mawa, anthu akupita kumunda. Anakokolola nyumba, mbuzi, mlatho, ndi anthu makumi anayi ndi anayi. Matupi makumi anayi ndi atatu anapezeka, naikidwa m'manda. Mmodzi sanapezeke. Ameneyo anali Esinala, mwana wa mayi Nasibeko, amene anali atapita kukachapa kumtsinje.

Mlembi wa mpingo wa m'mudzimo anali a Yotamu Kaliwo, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwowa anadziphunzitsa okha kupanga tsamba la pa intaneti, kuti ana a m'mudzi amene ali m'tauni ndi ku Joni azimva za kwawo. Maliro atatha, anapanga tsamba la mayina a akufa.

Tsamba lotere, anandiuza atatu aja, limakhala ndi zinthu ziwiri. Pali mawu amene munthu walemba, ndiye pali chovala chimene mawuwo amavala, chimene odziwa amati thimu. Thimu ndiyo imalamula mtundu wa tsamba ndi maonekedwe ake onse. A Kaliwo anatenga thimu yopangidwa ndi anthu akutali, yoyera mbee ngati ya sitolo. Sanaikonde. Analowa m'kati mwake nalembamo malamulo awoawo, kuti tsamba likhale lakuda ngati nsalu ya maliro. Kenako analemba mayina, nalipaka lililonse utoto woyera, limodzi ndi limodzi.

Mayina makumi anayi ndi atatu ankaoneka pamenepo. La Esinala silinkaoneka, chifukwa mayi Nasibeko anali atanena kuti: "Mwana wanga sindinamuike m'manda. Musamuwerengere pamodzi ndi akufa."

Patapita zaka ziwiri a Kaliwo anadwala, namwalira. Anasiya ana atatu akuluakulu: Tiyese, mmisiri wa matabwa; Nelesi, wophunzitsa pasukulu ya m'mudzimo; ndi Maliko, amene ankakhala m'tauni. Laputopu ya bambo awo ndi pasiwedi ya tsamba zinapatsidwa kwa Tiyese, chifukwa ndiye anali woyamba kubadwa.

Kutatsala sabata imodzi kuti lifike tsiku lokumbukira akufa, Tiyese anatsegula laputopu kuti aike chilengezo. Pambali anaona kachizindikiro kofiira, konena kuti thimu ili ndi apudeti, ndiye kuti eni ake aikonzanso mwatsopano. Tiyese ndi munthu wosakonda kusiya msomali uli pamtunda. Anadina pamenepo, naika chilengezo chake, natseka. Sanayang'ane tsamba la mayina.

Lachinayi amayi atatha mapemphero awo, mmodzi anatsegula tsambalo pafoni kuti awerenge mayina, monga ankachitira chaka chilichonse. Anafuula. Tsamba linali loyera lonse, lopanda kanthu. Mayina onse anali atachoka. Koma pakati penipeni panali dzina limodzi, la zilembo zakuda: Esinala.

Foni inayenda m'manja m'manja mpaka inafika kwa mayi Nasibeko. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Anzake onse alowa," anatero mwapansipansi. "Watsala yekha pakhomo. Akudikira ine."

Anapita kwawo, nagona pamphasa atayang'ana kukhoma, nakana chakudya. Ena m'mudzi anati akufa akwiya. Ena anati tsambalo litsekedwe. Abusa anapita kukapemphera nawo, koma mayiwo anati: "Pempherani, abusa, sindikukanizani. Koma ndaona ndi maso anga."

Tsiku lachitatu, mayiwo asanadyebe kanthu, Tiyese anakhala pabenchi yake yopalira matabwa laputopu ili patsogolo. Ankadziwa mumtima kuti zinayamba iye atadina kofiira kaja, koma sanauze munthu. Anapukuta utuchi pamene amayendetsa chala, ndipo mosadziwa anakanikiza n'kukoka. Patsamba loyeralo panadutsa mzere wabuluu, ndipo m'kati mwa mzerewo munatuluka dzina. Anakokanso, ndipo linatuluka lina, ndi lina. Atadina pambali, onse anazimiririka.

"Anali pomwepo onse, mayi," anatero Tiyese pondiuza nkhaniyi, "ngati anthu aimirira m'nkhungu. Zilembo zoyera pa tsamba loyera. Palibe amene anachoka."

Akanatha kukhala chete za kofiira kaja. Sanatero. Anapita kwa akulu a mpingo n'kunena kuti: "Si akufa. Ndine." Kenako ananyamula laputopu kupita kwa mayi Nasibeko, nagwada pambali pa mphasa, nawaonetsa mayina akutuluka pansi pa chala chake.

"Ndaona, mwanangu," anatero mayiwo. "Koma wanga bwanji akuoneka yekha? Bambo ako sanamulembe. Wamulemba ndani?"

Mayiwo anatembenukiranso kukhoma.

Tsiku lachinayi Nelesi ndiye anachitapo kanthu. Iyeyu anali ndi chinsinsi chake. Pogawa katundu wa malemu, atsibweni awo anafunsa za foni ya a Kaliwo, ndipo Nelesi anati inasochera kuchipatala. Zoona zake, anaikulunga m'duku n'kuiika pansi pa sutikesi. Mwezi uliwonse ankaitchaja, n'kumvetsera mawu a bambo ake amene anatsalamo, n'kuibisanso. Ankadziwa kuti m'fonimo a Kaliwo anasungamo tsamba la mayina monga linalili, komanso tizolemba tawo tambiri.

Anaitulutsa, naiika patebulo pamaso pa mchimwene wake.

"Nelesi! Unatinamiza tonse, ndi atsibweni omwe?"

"Ndinanama, achimwene. Akanaipereka kwa munthu wokaikamo nyimbo. Mudzandikalipira bwino mawa. Lero tsegulani."

Anatsegula. Tsamba lakale linaonekera, lakuda, mayina oyera akuwala pamenepo ngati bambo awo angoliyala kumene. M'tizolemba tija anapeza malamulo onse amene a Kaliwo analemba m'thimu, okopedwa mwadongosolo monga mphunzitsi amachitira. Pansi pake panali mawu awa: "Esinala ndamulemba kuti asadzaiwalike, koma ndaika lamulo lomubisa. Sindinamupake utoto wa akufa. Lamuloli lidzachotsedwe amake akadzalola."

Nelesi anakawerengera mayi Nasibeko mawuwo kawiri. Mayiwo anadzuka, nakhala tsonga, namwa madzi pang'ono.

"Ndiye ndi Kaliwo," anatero. "Si mwana wanga amene waima pakhomo."

"Ayi, mayi. Ndi dzanja la bambo."

"Koma dzinalo likadali poyera. Wa ku Joni akatsegula, akuliwerenga pa tsamba la akufa. Phala lanulo tengani. Ndidzadya mwana wanga akachoka pamenepo."

Tiyese ndi Nelesi anayang'anana. Malamulo anali m'manja mwawo, koma panalibe wodziwa pokawaika.

Tsiku lachisanu Maliko anatsika m'minibasi. Ntchito yake m'tauni inali yomweyo, kupangira masitolo masamba a pa intaneti. Bambo ake ali moyo anamupempha kangapo kuti adzaone ntchito yawo. Iye anangoiyang'ana kamodzi pafoni, naseka, nati: "Bambo, mwalemba pamalo olakwika, tsiku lina zidzafufutika. Ndidzabwera ndidzakonze." Sanabwere. Anabwera pa maliro okha.

"Mwakhudza chiyani, achimwene?" anafunsa asanavule n'chikwama chomwe.

"Kofiira kaja."

"Chofiira chilichonse mumadina? Mukadzaona chala cha Nelesi chatuluka magazi mudzadinanso?"

"Iwe wodziwawe unali kuti zaka zonsezi?"

Maliko anakhala pansi, natsegula laputopu.

Anawafotokozera kuti apudeti imabweretsa chovala chatsopano n'kutaya chakale, pamodzi ndi chilichonse chimene munthu anasokerapo. Lamulo la tsamba lakuda linali losokeredwa pa chovala chakale, ndipo linapita. Lamulo lobisa Esinala linali pomwepo, nalonso linapita. Koma utoto woyera unali pa mayina enieniwo, n'chifukwa chake unatsala. La Esinala lokha ndilo linalibe utoto.

Anapanga kathimu kena kakang'ono, kokhala ngati mwana wa thimu yaikulu, kamene apudeti siikhudza. Nelesi anagwira foni ya bambo awo, Maliko akukopera malamulo aja chilembo ndi chilembo. Ena anali olembedwa mozungulira, moti iye akanawalemba mwachidule, koma sanasinthe ngakhale limodzi. Lamulo lomaliza a Kaliwo analipatsa dzina la Chichewa: bisa.

Atamaliza, anapita onse atatu kwa mayi Nasibeko, natsegula tsambalo pafoni ya Nelesi. Linali loyerabe. Esinala anali pakati pomwepo.

Amayi amene anali m'nyumbamo anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro pakhonde. Mayi Nasibeko anangoti: "Mwaona? Akukana."

Maliko anandiuza kuti naye anachita mantha, ngakhale ankadziwa chifukwa chake. Foni imasunga tsamba limene inaliona komaliza, n'kumalionetsabe ngakhale zinthu zitasintha. Anafufuta zimene foniyo inasunga, natsegulanso. Mdima unatsika kuchokera pamwamba pa tsamba. Mayina oyera anatuluka onse m'mizere yawo, makumi anayi ndi atatu. Pamene panali Esinala panatsekeka, osasiya ngakhale mpata.

Maliko anandiuza kuti: "Zinali ngati ndine ndikumukwirira."

Mayi Nasibeko analandira foni, nawerenga mayina onse ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Sanamupeze. Anapempha phala, nadya theka la mbale. Atapukuta pakamwa anati:

"Masiku asanu awa ndinali nditayamba kumulira. Tsopano mwandibwezera kudikira. Sindikudziwa ngati ndikuthokozeni, koma ndadya. Tsiku lina, mwina chaka chino, mwina ndili pafupi kufa, ndidzafuna kuti dzinalo lituluke, lipakidwe utoto ngati anzake. Sindidzauza gulu. Ndidzauza munthu mmodzi. Mundipatse munthu ameneyo."

Akulu a mpingo anagwirizana nazo. Anati pasiwedi isinthidwe, ikhale ndi munthu mmodzi yekha, wosunga tsamba ndi wodikira mawu a mayi Nasibeko. Koma atakhala pansi kuti asankhe, anagawikana.

Ena anati akhale Tiyese. Akanapanda kupeza kuti mayina alipo, tsambalo likanatsekedwa tsiku lomwelo, ndipo Nelesi sakanakhala n'chifukwa chotulutsira foni. Komanso anaulula yekha popanda womufunsa, anthu onse akuloza akufa. Ena anayankha kuti ndi chala chomwecho chimene chinagonetsa mayi Nasibeko pamphasa, ndipo kofiira kadzabweranso.

Ena anati akhale Nelesi. Iye yekha ndiye anayankha funso limene linkapha mayiwo, ndipo popanda foni ija Maliko sakanadziwa chimene bambo ake analemba. Anadziika pamanyazi pamaso pa atsibweni kuti munthu adye. Koma ena anati ananamiza banja pa nthawi ya maliro, ndipo anakhala masiku atatu akudziwa chimene chili m'sutikesi, mayiwo akufooka. Munthu wovutika kutulutsa foni ya malemu, kodi adzatha kutulutsa dzina tsiku likadzafika?

Ena anati akhale Maliko. Awiriwo anapeza ndi kufotokoza, koma mayi Nasibeko sanadye mpaka iye atagwira ntchito yake, ndipo ndiye yekha angachotse lamulo lija popanda kuwononga kanthu. Koma ena anakumbutsa kuti ankadziwa kalekale kuti zimenezi zidzachitika, ndipo anangoseka. Mayiwo akadzaitana, kodi adzabwera, kapena adzati ndidzabwera?

Atatuwo sanalimbirane. Aliyense pondiuza nkhaniyi anatchula cholakwa chake yekha, ine ndisanafunse. Tsiku lokumbukira akufa linafika, mayina makumi anayi ndi atatu anawerengedwa m'tchalitchi, ndipo mayi Nasibeko anakhala pabenchi lakumbuyo milomo ikuyenda popanda mawu. Pasiwedi yatsopano abusa anailemba pakapepala n'kuika mu envelopu, ndipo envelopuyo ilibe dzina pamwamba pake. Dzina la Esinala lilipobe pa tsamba lija, pakati pa anzake, losaoneka.

Ine ndawapempherera onse atatu, ndi mayi wodikirayo, ndipo sindinapatsidwe yankho. Tsono inu amene mwamva zonsezi, envelopu ija ilembedwe dzina la yani: la Tiyese amene anapeza akufa, la Nelesi amene anabweretsa mawu a bambo ake, kapena la Maliko amene anabisanso mwana?