Inki ya pa Chala ndi Swala ya Mwanaisha

Kutatsala masiku awiri kuti anthu avote, Mwanaisha anafika kwa Shehe Twaibu ku Ntaja ali wefuwefu, foni ili m'manja. Mtsikanayu anali wanzeru, inde, koma phuma lake linali ngati moto wa mapesi. Kanali koyamba kuti avote, ndipo atsikana makumi asanu ndi limodzi a m'gulu lake la pa foni ankamvera iye.

Shehe anali pakhonde akusoka nsapato yawo. Anayankha salamu, namuyalira mkeka.

"Shehe, lero ndapulumutsa anzanga," anatero Mwanaisha, maso akuwala. "Kwabwera uthenga wa mawu. Akuti inki imene amapaka pa chala ukavota imatchinga madzi a udhu, osamba aja tisanapemphere, ndiye swala sizilandiridwa sabata yonse. Ndalemba kale uthenga wa ku gulu lathu kuti aliyense asakavote, kwangotsala kudina kuti upite. Ndimati mundidalitse kaye."

"Wanena zimenezi ndani, mwanangu?"

"Shehe wina wamkulu."

"Dzina lake?"

"Sanatchule. Wanditumizira ndi Rukiya."

"Rukiya wamva kwa yani?"

"Kwa mlamu wake wa ku Joni."

"Nanga mlamuyo?"

Manyazi anamugwira zedi Mwanaisha, pakuti ku madrasa ndiye ankaposa onse pa phunziro lomweli, loti hadisi, nkhani ya Mtumiki, imene osimba ake sadziwika siilandiridwa.

Shehe sanamuseke. "Inkiyo sindinapange ine, ndiye sindinganame kuti ndikuidziwa," anatero. "Pita pasukulu paja povoterapo. Pali anthu a bungwe loyendetsa chisankho, anthu okhala ndi mayina ndi nkhope. Ukawafunse ngati imamata ngati penti kapena imangodetsa khungu. Za udhu ndikuyankha ine, Twaibu mwana wa Amini, ndipo ukanditchule dzina: chongodetsa khungu, madzi n'kumafika, sichiletsa udhu."

Mtsikana uja anathamanga, osatsanzika n'komwe. Pobwera ankamwetulira kuchokera kumsewu.

"Imangodetsa basi, Shehe! Ndafufuta uthenga uja, ndalemba wina, mayina a onse amene andiyankha alimo. Ndiye kuti chala changa chilibe mlandu?"

Shehe anaika nsapato pansi.

"Mkuja chidzada ndi inki, ndipo udzaswali nacho bwinobwino, Mulungu akalola. Ine chimene chinandiopsa ndi chala cha lero, choyera bwinochi, chimene chinatsala pang'ono kulanda anthu makumi asanu ndi limodzi mavoti awo ndi nkhani yopanda mwini."