Bakha ndi Njinga ya Mkazi Mnzake

Tsekwe wa kudambo la Mpasa anali ndi akazi awiri, Bakha ndi Kakowa. Bakha ndiye anali wamkulu, wamfupi, wonenepa, nsanje yake yosanena. Kakowa anali wamng'ono, miyendo italiitali ngati mabango, ndipo miyendo imeneyo Bakha ankaida kuposa njala. Pakhomopo lamulo linali limodzi: kaya ndi nsomba kaya chitenje, chachikulu n'cha mkazi wamkulu.

Chaka china Tsekwe atakolola mpunga wambiri, anatengera akazi ake kwa Nyani wogulitsa njinga. Nyani anaimika aliyense mtanda wa njinga uli pakati pa miyendo, n'kuyang'ana ngati mapazi akuponda pansi. Anasankhira Kakowa yaitali yakuda, Bakha kakafupi kofiira.

Inu anthu, mukanamuona Bakha! Mlomo unachita kutalika.

"Bambo, ine ndine ndani pakhomo panu?"

"Ndinu akulu, mayi," anayankha Tsekwe, maso ali pansi.

"Ndiye akulu akwere ka ana aka, wobwera dzulodzuloyu azindiyang'anira m'mwamba?"

Nyani anayesa kulowererapo. "Mayi, njinga timayeza ndi miyendo, osati zaka za ukwati. Yaitaliyi mapedulo simuwafika, nawo mabuleki ali kutali ndi mapiko anu."

"Inu a Nyani gulitsani njinga, za m'banja mwanga zisiyeni!"

Tsekwe, poti phokoso ankaliopa ngati moto, anangoti asinthane. Kakowa sanalimbane. Anatenga kofiirako, Nyani n'kumukwezerako chishalo.

Loweruka lotsatira kunali chinkhoswe cha mlongo wake wa Tsekwe. Kwawoko mkazi wamkulu ndiye amatsogola ndi thobwa la banja, n'kukalipereka m'manja mwa apongozi anthu onse akuona. Ulemu umenewu Bakha anali ataugwira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ankautchula ngakhale kuchitsime. Anamanga chigubu cha thobwa pakeliyala, anakwera pachulu kuti afike pachishalo, n'kudzikankha.

Njira ya kwa apongozi ndi yotsetsereka, ndiye poyamba zinkakoma. Pedulo ikakwera ankaigunda ndi nsonga ya phazi, n'kudikira inzake. Atacheuka n'kuona Kakowa akubwera pambuyo, mawondo akugunda mahandulo, mtima wake unangoti myaa.

Kufika pabwalo, anthu ali thithithi, zinthu zinavuta. Mapiko osafika pamabuleki, mapazi osafika pansi, chulu chotsikirapo palibe. Anazungulira bwalo kamodzi, amayi n'kuimba nthungululu poyesa akuonetsa njinga yatsopano. Anazungulira kachiwiri, oimba ng'oma n'kuwonjezera moto.

"Ndigwireni! Bambo, ndigwireni!" anakuwa Bakha, koma ng'oma zinameza mawu ake. Tsekwe naye ali kalikiliki kuwomba m'manja, ati mkazi wanga ameneyo!

Kachitatu chitenje chinakodwa mu tcheni n'kuvuka chonse. Bakha, njinga ndi chigubu anakagwera pamphasa ya apongozi, thobwa lonse khuthu pamutu pa mayi a Tsekwe, akuchimuna onse maso ali tong'o. Ng'oma zinangoti zii. Amene anathamanga kukamudzutsa ndi Kakowa yemwe uja, n'kumufunditsa chitenje chake.

"Pepani akulu, mwapweteka?"

Mawu amenewo, ndikukuuzani, anamuwawa Bakha kuposa bondo limene linasupuka.

Apongozi anaimirira, thobwa likuchucha m'nthenga, n'kunena mokweza kuti ndi akuseri omwe amve: "Kuyambira lero thobwa la banja lino azibwera nalo Kakowa. Uyu azibwera wapansi, chimanjamanja, ndipo azikhala kumbuyo."

Nkhaniyi inafika kumsika Bakha asanafike n'kunyumba komwe.

Phunziro: Njinga yako ndi imene ukaima mapazi amaponda pansi ndipo mabuleki umawafika. Ukasankha chinthu poyang'ana msinkhu wa mnzako, umataya ndi ulemu womwe unali nawo kale.