Maungu a M'dimba la Nangondo

Kalekale, kuseri kwa mapiri awiri, kunali midzi iwiri yolekanitsidwa ndi mtsinje. Chaka china amuna a tsidya lino anadzuka ndi zikwanje, nati mtundu wa tsidya linalo uthe psiti. Anapha amuna, anapha ana, mitembo nakabisa kodziwa okha. Kunatsala amayi owerengeka.

Amayiwo anapanga gulu. Ankakumana pansi pa mkuyu, kuluka mphasa, kugawana mchere, kutungirana madzi wina akadwala. Koma mukudziwa, ana inu, kuti maliro amatha ndi kumeta. Nanga ungamete bwanji usanaike munthu wako? Tsono tsitsi lawo linakula, linakula, mpaka ankalizunguliza m'chiuno katatu. Amene anaona amalumbira kuti timba anamangamo zisa.

Tsidya lino kunali mayi wamasiye, Nangondo. Dimba lake linkabala maungu aakulu ngati nkhokwe. Anthu ankati ndi mankhwala, koma mwini wake ankadziwa. Mwamuna wake pomwalira anamugwira dzanja nati, "Kudimba kuja usamalime mozama. Anthu aja tinawaika momwemo."

Zaka zisanu ndi ziwiri Nangondo anasunga mawuwo. Tsiku lina anati akawachezere amayi aja, mwina mtima ungapepuke. Anasankha dzungu laling'ono pa onse, nalikunkhuniza njira yonse.

"Odi kuno."

"Fikani, mlendo," anatero Nachanza, mkulu wa gululo. "Khalani apo. Samalani, mwaponda tsitsi la Nasoko."

"Ndangoti ndidzakuoneni. Ndabwera ndi kadzungu."

"Kadzungu? Amayi, mwatibweretsera chulu."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu oiwala kasekedwe. Kenaka Nachanza anati, "Alendo amabwera ambiri kuno. Ena ndi nsalu, ena ndi sopo, ena ndi misozi yokha. Aliyense timamufunsa chimodzi. Kodi mukudziwa kumene kunagona anthu athu?"

Nangondo anayang'ana pansi. Akanena, dimba lipita, abale a mwamuna wake amulavulira.

"Sindikudziwa," anatero, nabwerera kwawo.

Mtima sunapepuke. M'mawa mwake anakunkhunizanso dzungu lina. Anamufunsanso. Anayang'ananso pansi. "Sindikudziwa."

Tsiku lachitatu anapeza atadula dzungu loyamba lija ndi nkhwangwa, ataphika, akudya. Nasoko anamupatsira chibanthu.

"Idyani nafe, mlendo. Kutsekemera kwake ngati uchi. Mwana wanga Tiyese ankakonda maungu. Akanakhalapo, bwenzi atanyambita ndi makoko omwe."

Nangondo analandira. Dzanja linakana kufika pakamwa.

"Lavulani, amayi," anatero. "Chonde lavulani. Tiyese wanu ali pansi pa maunguwa. Onse ali m'dimba langa."

Nasoko analavulira m'manja mwake, nakhala akuyang'anamo.

"Mwadziwa liti?" anafunsa Nachanza.

"Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo."

"Ife tikukoka tsitsi m'fumbi, inu mukukolola."



Amayi aja anatenga makasu, Nangondo patsogolo. Anazula maungu onse. Anakumba, anakumba, napeza anthu awo. Nasoko anazindikira wake ndi kamkanda ka pamkono. Anawanyamula m'mphasa zomwe ankaluka zija, nakawaika kwawo mwaulemu.

Tsiku lometa, Nangondo anaima patali, palibe womulankhula. Kwawo anali atamutsekera kale zitseko zonse. Kenaka Nachanza anabwera ndi lumo.

"Sitinakukhululukireni, musanamizidwe. Koma tsitsili mwalikulitsa ndinu. Lichotseni."

Nangondo anawameta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tsitsi linaunjikana kuposa mkuyu. Womaliza anali Nasoko. Lumo litamaliza, anagwira pamutu pake.

"Kukuzizira," anatero, nayamba kulira maliro a mwana wake.

Nthano yadukira pamenepa, ana inu, monga tsitsi pa lumo. Wamasiye sapepesedwa ndi dzungu uku choona mwachikhalira.