Kachule ka a Chapendeka

Panali munthu wina, mphunzitsi wa payunivesite, amene ntchito yake inali kufufuza za achule. Anzake ankamuseka kuti anaphunzira zaka zonsezo kuti azikagwada m'matope, koma iye analibe nazo ntchito.

Chaka china anakwera phiri lina, ndipo pakasupe wa m'nkhalango anapeza kachule kochepa ngati chikhadabo, kofiira kumimba. Anafufuza m'mabuku onse, osakapezamo. Koma amayi otunga madzi pamenepo ankakadziwa kalekale. Ankakatchula kuti kalondamadzi, chifukwa ankati kakadzasiya kulira, kasupe adzaphwa. N'chifukwa chake sankalola munthu kudula mtengo pafupi ndi kasupeyo, ndipo pakamwa pawo pankaopedwa kuposa nkhwangwa.

Tsono m'sayansi muli lamulo. Wotulukira chamoyo chatsopano ndiye amachitcha dzina, ndipo dzinalo likangosindikizidwa silifufutika. Munthu amasintha dzina akakula, koma chule ayi.

Nkhaniyi inawapeza a Chapendeka, nduna yochokera m'deralo, munthu amene nkhope yake inali kale pansalu, pazipewa, ngakhale pamijigo. Anamuitanitsa mphunzitsi uja.

"Aphunzitsi, ndamva kuti kwathu kuja mwatola kanthu kopanda dzina," anatero a Chapendeka. "Ine dzina ndili nalo, likungokhala. Mukakapatsa kanthuko, nkhalango ija ndiitchingira mpanda, wootcha makala asadzapondemonso."

Mphunzitsiyo sanali wadyera, tisamunamizire. Anali ndi mantha. Anali ataona ndi maso ake kuti kuseri kwa phirilo ootcha makala ameta mpala. Mumtima anati, dzina n'chiyani, bola kachule kakhale ndi moyo. Anatenga dzina la ndunayo, nawonjezera ka "i" kumapeto monga amachitira asayansi, nalitumiza kokasindikiza.

Mpanda unamangidwadi, mapolo ake atapakidwa utoto wa chipani. Pachipata anaikapo chikwangwani chachikulu kuposa chitseko cha tchalitchi, chithunzi cha nduna pamwamba, cha kachule pansi pakona. Amayi aja anauzidwa kuti azikatunga kumjigo wa kumunsi. Iwo anangoti, "Poti kachule kapeza eni ake, akasamale okha." Anasenza ndowa zawo n'kutsika.

Mphunzitsi anagona tulo tabwino zaka zitatu. Anaiwala kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Kenaka kunabwera chisankho, ndipo a Chapendeka anagwa chagada. Otsatira chipani chopambana anazula chikwangwani chija. Waya wa mpanda anathera kumakola a mbuzi. Ootcha makala analowa masanasana. Wina akati awaletse, ankamufunsa kuti, "Kodi iwe ndiwe wa Chapendeka eti?" Munthuyo ankangowasiya n'kumapita, chifukwa masiku amenewo dzinalo linkanunkha.

Mphunzitsi anathamangira kwa nduna yatsopano. Anayala mapepala ake patebulo, nafotokoza kuti kachule aka kulibenso kwina padziko lonse.

"Ndakumvani, aphunzitsi," inatero ndunayo. "Koma ine ndingaime bwanji pamsonkhano n'kumateteza dzina la munthu amene ndamugwetsa dzulo lomweli? Kasintheni dzina. Langatu si lalitali."

"Olemekezeka, silisinthika."

"Ndiye mukamatuluka munditsekereko chitseko."

Dzinja lotsatira mphunzitsi anakweranso phiri. Anakhala pachitsa pafupi ndi kasupe, mvula itangokata, nthawi imene kalondamadzi ankalira mpaka kugonthetsa m'khutu. Anadikira mpaka zovala zinamuumira m'thupi. Sanamve kanthu. Analira ngati wafedwa, pakuti anadziwa kuti amene anachotsa alonda enieni pakasupepo ndi iye mwini, ndi cholembera chake.

Kachule kamodzi kokha ndiko kanatsala, kakufa kale, kosungidwa m'botolo la mankhwala pashelefu ya mphunzitsiyo. Dzina la a Chapendeka lili pomwepo, lolembedwa bwino, losafufutika monga ankafunira.

Tsono inu ophunzira sayansi amene mwamva nkhaniyi, mawa mukupita kutchire kukafufuza, ndipo ena mwa inu mudzapeza zimene mabuku sakuzidziwa. Akuluakulu adzakuitanani, adzakupatsani mpando wofewa. Musadzanyengeke. Mpando wa ndale ndi wa zaka zisanu, pomwe dzina limene mudzalemba lidzakhalapo inu ndi ine titaoleratu. Mukamangirira chamoyo kudzina la wandale, mwachilowetsa chipani chisanafunsidwe, ndipo chidzaluza naye limodzi. Yambani mwafunsa amene mwawapeza pakasupe kuti amachitcha chiyani. Dzina loti kalondamadzi linalibe mdani.