Dengu la Mchenga la Kakowa

Kakowa ndi Fulu ankamwa chitsime chimodzi ndi nyama zonse za m'chigwa. Chaka china kunagwa matenda otsegula m'mimba, ndipo nyama zinasankha Kakowa kuti aziyang'anira madzi. Pa ukhondo mbalameyi inalibe inzake. Tsiku lonse ili m'dambo, koma nthenga zili mbee.

Kakowa analamula kuti madzi azisefedwa ndi mchenga wakumtsinje, ndipo banja lililonse lizibwera ndi dengu lodzaza lisanatunge. Lamulolo linali labwino, tisaname. Madzi anayera, mimba zinakhala pansi. Vuto linali lakuti Kakowa mtunda ankauyeza ndi mapiko.

Fulu anali mayi wamasiye wa ana aang'onoang'ono, ndipo anapita kukadandaula.

"A Kakowa, ine ndikanyamuka lero kupita kumtsinje, ndimabwera mawa," anatero Fulu. "Bwanji a Njati azitisenzerako mchengawo, ife tizisesa pachitsime?"

"Mayi, kumtsinje ndi apa pompa," anayankha Kakowa. "Ine ndimapita n'kubwera malovu asanaume. Ndikakulekererani inu, mawa abwera a Nkhono ndi madandaulo omwewa."

Fulu anayesa ndithu. Koma iye ali m'njira ndi dengu, ana kunyumba ankalira ludzu, mpaka anayamba kumwa m'chithaphwi chomwe Njiri ankagubuduzikamo. Posakhalitsa Nkhono ndi Bilimankhwe nawonso anatsatira komweko. Kakowa ankanyadira kuti pachitsime palibenso chipwirikiti. Chondipsetsa mtima n'chakuti sanafunse n'kamodzi komwe kumene anzake osowawo akumwa.

Matenda aja anabweranso, ndipo anayambira m'nyumba za oyenda pang'onopang'ono. Mwana wotsiriza wa Fulu anatsegula m'mimba, anawonda, n'kumwalira.

Kakowa anabwera pamaliro dzuwa likuswa mtengo, ndipo atapepesa anapempha madzi. Fulu anagwada monga achitira kwa mlendo wolemekezeka, n'kumupatsa chikho ndi manja awiri. Madziwo anali obiriwira, onunkha, tizilombo tikusambiramo.

"Awa si madzi akumwa, mayi," anatero Kakowa.

"Ndi omwe ankamwa mwana wanga, bambo," anayankha Fulu. "Imwani. Kuno ena kulibe."

Anamfedwa onse anali maso pa Kakowa. Kumwa sakanatha, kutaya anachita manyazi, ndipo anangokhala chigwirire chikho chija mpaka maliro ananyamuka.

Maliro atatha, Kakowa anasintha lamulo lija. Kuyambira pamenepo mchenga wa chigwa chonse ankasenza ndi Njati ndi Njovu, ofooka n'kumasesa ndi kukonza mpanda wa chitsime. Aliyense ankatunga madzi oyera. Fulu ankatunga nawo, koma pobwerera ankadutsa kaye pa kamanda ka mwana wake.

Phunziro: Madzi aukhondo ndi moyo, koma poika lamulo yezani ndi mwendo wa wofooka. Mtolo wake ukamulemera wosauka, sasiya kumwa ayi, amakamwa poipa.