Udzu wa Pansi pa Zenera

Panali mayi wina, mphunzitsi wa masamu, dzina lake Mayi Chikaonda. Ankaphunzitsa pa sekondale ina ya m'tauni, ya mpanda wa njerwa. Sukuluyo inali ya mitundumitundu: ana a amwenye a masitolo, ana a azungu a m'mabungwe, ana a mabwana athu akuda omwewa. Panalinso kagulu ka ana osauka amene mpingo unawapezera malo chifukwa anakhoza bwino sitandade 8. Amenewa ankachokera kutsidya kwa mtsinje, wapansi.

Pasukulupo panali lamulo lotchuka. Belu likalira hafu seveni, geti litsekedwe. Wochedwa aliyense apatsidwe chikwakwa, atchetche udzu mpaka phunziro loyamba lithe. Ahedi ankalinyadira lamuloli. "Belu silidziwa khungu," ankatero. "Kaya mzungu, kaya mmwenye, kaya ndani, ukachedwa ugwira chikwakwa."

Zoona, lamulo linali la onse. Koma chikhalire palibe anaonapo mwana wa mzungu kapena wa mmwenye ali ndi chikwakwa m'manja. Mwana wa pa galimoto achedwa bwanji? Ndipo phunziro loyamba linali masamu, Lolemba mpaka Lachisanu.

Mayi Chikaonda nawo anali a pa galimoto. Amuna awo ankawatula seveni isanakwane, iwo n'kutsika ndi gogoda wawo, ko ko ko, kulunjika ku folomu 3. Ankakonda ana a kutsogolo, makamaka oyera khungu. Akamayankhula nawo ngakhale Chizungu chinkasintha, chinkatulukira m'mphuno. Madesiki a kumbuyo opanda anthu sankawayang'ana n'komwe. Ana a kutsidya ankangowadziwira pa mapepala a mayeso, ndipo anawapatsa dzina loti mitu ya maungu.

Mmodzi mwa anawo anali mtsikana wotchedwa Asiyatu. Masamu ankapeza 38, nthawi zina 36. Tsono ampingo anali atanena kale kuti mwana wolephera masamu matemu awiri otsatizana, malo ake apatsidwe wina. Kalata yomuchotsa Asiyatu inali m'chikwama cha Mayi Chikaonda, kungodikira kuti asaine. Ahedi ankaifuna Lachisanu.

Ndiye linafika Lachitatu. Galimoto ija sinagone pakhomo. Kumene inagona musandifunse, koma amene anaiona akuti inaima pa nyumba ya mayi wina wa saluni. Ndipo sikuti bambowo ankakametetsa ayi, poti mutu wawo ndi dazi lokhalokha.

Kunali kutagwa mvula, maminibasi akudutsa odzaza. Mayi Chikaonda anauyamba wapansi, gogoda ali m'manja, matope mpaka m'maondo. Anapeza geti litatsekedwa. Mlonda wachikulire anawatsegulira akumwetulira.

"Madamu, ndikupatseni chikwakwa chiti, chachikulu kapena chaching'ono?"

Mayi Chikaonda anangodutsa. Poopa kuti aphunzitsi anzawo angawaone ndi miyendo imeneyo, anazembera kuseri kwa makalasi, kumene kunali mpopi. Zaka zonsezo anali asanapondeko.

Kuseriko udzu unali wofika m'chiuno, ana ochedwa akulimbana nawo cha uko. Koma pansi pa zenera la kalasi yawo panali mbee, dothi lokhalokha ngati bwalo losesedwa. Pamenepo panali patanjuta mtsikana wa yunifomu yosuluka, khutu analozetsa ku zenera. Pansi anali atalemba ndi nsonga ya chikwakwa samu imene iwo anaphunzitsa dzulo lake.

"Iwe! Ukutani pano? Udzu uli uko."

Mtsikanayo anagwada msanga. "Pepani madamu. Pano m'pamene pamamveka mawu a aphunzitsi."

"Unayamba liti zimenezi?"

"Folomu 1, madamu. Zenera la kumeneko linali labwino, linali losweka. Lino mumakonda kutseka kukazizira."

Mayi Chikaonda anawerama. Samu ija inali yolondola mpaka pakati, kenako inasochera. M'mbali munali timitanda ndi tiziro tachilendo.

"Nanga tizizindikiro iti?"

"Ndi tanga, madamu. Mukanena kuti ichi tichiike apa, ine sindiona kuti ichi n'chiti, apa m'pati. Ndiye ndimangoganizira."

"Dzina lako ndani?"

"Asiyatu."

Chikwama chija chinawalemera ngati muli njerwa. Mwana amene ankafuna kumuchotsa sukulu, ngakhale nkhope yake sankaidziwa. Anamufunsa chifukwa chimene amachedwera. Iye anati amayamba wapita pa mzere wa mjigo, kenako akasiye mng'ono wake kwa azakhali, ndiye aziwoloka mtsinje. Apo m'pamene anazindikira kuti 38 uja sanali wa mutu wa dzungu. Anali wa mwana wophunzira masamu kudzera pa khoma.

Miyendo sanasambenso. Analowa m'chipinda chosungiramo katundu, nasenza okha bolodi lamiyendo, n'kukaliimika pa dothi lija, pansi pa zenera. Kenako anasuzumira m'kalasi.

"Nonse tulukani. Kuyambira lero masamu aziphunzitsidwa kumene kuli ana onse."

Ana a pa galimoto anatuluka akunyinyirika, wina akufunsa kuti akhala pati. Ana a zikwakwa anasendera pafupi mwamantha. Lachitatu linatha choncho, Lachinayi chimodzimodzi. Mbiri inawanda kuti Mayi Chikaonda azungulira mutu chifukwa cha nkhani ya ku saluni.

Lachisanu kunadzaza magalimoto. Kunabwera mayi wina wachizungu, akuti mwana wake wafiira ndi dzuwa ngati tomato. Kunabweranso bambo wina wachimwenye, mwini sitolo ya matayala, akuti iye sanatumize mwana wake ku ubusa. Ahedi anawatsogolera kuseri kuja, thukuta lili kamukamu, ndipo anapeza phunziro lili mkati.

"Mayi Chikaonda, lowetsani ana m'kalasi. Ndiponso kalata ija ndikuifuna lero."

"Ndikupatsani, bwana. Tangolekani samu iyi ithe."

Pa bolodi panali mnyamata wa mwini matayala uja, choko m'manja, ataima pakati pa samu ngati galimoto yotitimira. Anafufuta, analemba, anafufutanso. Mphunzitsi anaitana mwana wa mzungu uja, naye anapukusa mutu. Kenako anati, "Asiyatu."

Mtsikanayo anadzuka, chikwakwa chidakali ku dzanja lamanzere, poti lamulo linali lisanamumasule. Anatenga choko. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka pansi. Pomaliza analoza pamene mnzakeyo anatitimira, n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Unangoiwala aka." Mnyamatayo anadzimenya pachipumi, kalasi yonse n'kuwomba m'manja.

"Mwana ameneyu," anatero Mayi Chikaonda, "bolodi la masamu waliona masiku atatu okha. Masiku ena onse wakhala akulimva ndi khutu pansi pa zenera ili. Onani udzu pamene unathera."

Anthu anayang'ana dothi lija. Woyamba kuyankhula anali mwini matayala.

"Ahedi, chaka chatha munamupatsa mwana wangayu mphotho ya kusachedwa. Ameneyu m'mawa timachita kumukoka mwendo pabedi. Mphotho imeneyo inali ya dalaivala wanga."

Kuseka kwake! Ngakhale mayi wachizungu uja anagwira pakamwa, kenako anafunsa kuti ana a zikwakwawa amayenda mtunda wautali bwanji. Atauzidwa, za tomato sanazitchulenso. Mayi Chikaonda anatulutsa kalata ija, naing'amba pakati, n'kupereka kwa ahedi ndi manja awiri, mwaulemu wake. Ahedi anayang'ana makolo, anayang'ana mwana, n'kuika zidutswazo m'thumba.

Lolemba lotsatira masamu anasamukira ku nthawi ya teni koloko. Udzu anagwirizana kuti azitchetcha onse Lachisanu masana, woyera ndi wakuda, wa galimoto ndi wa mapazi. Mwana wa mzungu uja anatuluka matuza m'manja, ndipo ankaonetsa aliyense ngati wapata mendulo. Asiyatu sanachoke. Pa mayeso a folomu 4 anakhoza masamu kuposa sukulu yonse, ndipo wachiwiri anali mnzake wa matayala uja, amene ankakhala naye desiki imodzi. Galimoto ya amuna a Mayi Chikaonda inabwerera pakhomo, koma akuti mayiwo mpaka lero amadzera kuseri kwa makalasi asanalowe. Ndipo pansi pa zenera lija udzu unamera, unakula mpaka kusuzumira m'kalasi.

Tsono inu aphunzitsi, inu makolo, ndi inu nonse okonda kunena kuti lamulo ndi la onse: belu n'zoona silidziwa khungu, koma silidziwanso amene wabwera pa galimoto ndi amene wawoloka mtsinje. Zimenezo oyenera kudziwa ndinu, poti maso muli nawo. Musanamutche mwana wa mnzanu mutu wa dzungu, vulani gogoda, muzungulire kuseri, mukaone pamene udzu wathera.