Tcheni Chimene Anaphika Asanatsuke

Panali munthu wina wakabaza amene ankakhala pa kamsika kena ka kumapiri, pamene msewu wa tala umathera ndipo fumbi limayambira. Dzina lake sinditchula. Mwina mwakhala naye benchi limodzi m'mawa uno.

Munthuyu anali waukhondo, ndipo vuto lake linali lakuti ankadziwa kuti ndi waukhondo. Malaya ake anali ositidwa tsiku lililonse. Njinga yake ankaipukuta asanasambe kumaso. Pakaliyala anaikapo khushoni yofiira ya mphonje, ndipo belu lake linkamveka mpaka kutsidya kwa mlatho. Amayi a kutchalitchi akavala zoyera zawo ankadutsa anzake onse pa siteji n'kukakwera yake. Kukwaya ankaimba besi, ndipo ankaima kutsogolo.

Chinthu chimodzi chokha chinkamuchititsa manyazi: tcheni. Monga anzake onse, ankathira oyilo wakuda wopempha kuchigayo. Inu okwera njinga mukudziwa chimene oyilo ameneyu amachita. Amaitana fumbi, fumbi limaitana mchenga, ndipo zonse zikasakanikirana zimasanduka phala lakuda lomwe limalowa m'mfundo za tcheni n'kumapera chitsulo usana wonse. Tcheni chimatalika. Mano a kalanka, chitsulo chozungulira cha kumapedulo, amasongoka. Fuliwilo ya kutayala la kumbuyo imadyeka. Ndipo chitenje cha munthu chikangokhudzako, banga lake silichoka ndi sopo aliyense.

Tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo wa kesha, pankakhala mkulu wake wa bere limodzi, a Yotamu, okonza njinga. A Yotamu anali ataphunzira njira ina yosamalira tcheni, ndipo akabaza ambiri anali atayamba kupita kwa iwo. Ankachotsa tcheni n'kuchiika m'botolo la parafini, n'kukhutchumula. Parafini ankada bii, iwo n'kutaya, n'kuthira wina, n'kukhutchumulanso, kufikira atatuluka woyera. Kenako ankachiwiritsa m'madzi a sopo n'kuchiyanika pa lata mpaka chiume gwa. Pamapeto pake m'pamene ankasungunula makandulo m'chitini pa mbaula, n'kuviika tcheni chija mu phula lotentha, kudikira kuti thovu lileke kutumphuka. Akachivuula ankachikoleka pamsomali kuti chizizire. Tcheni chotero sichigwira fumbi, sichidetsa chovala, sichilira, ndipo mano a kalanka amakhalitsa. Koma ntchitoyi inkadya masana athunthu, ndipo mwini njinga ankakhala pabenchi la a Yotamu n'kumaona yekha zakuda zonse zikutuluka.

Benchi limenelo ndi limene wakabaza uja sankafuna kukhalapo.

Chifukwa chake chinali ichi. Pa maliro a mayi awo, anthu ali mbwee pabwalo, iye anaimirira n'kuloza mkulu wake chala. Ananena kuti a Yotamu ndi amene anachedwetsa mayi kupita kuchipatala, kuti ankasamala njinga za anthu kuposa mayi wowabala. Ananena mokweza, kuti ndi adzukulu omwe amve. A Yotamu anangoweramitsa mutu. Patapita nthawi, wakabaza uja anamva kwa azakhali ake kuti zinthu sizinali choncho. Mayi ndi amene ankakana kuchipatala, ndipo a Yotamu anachita kuwabereka kumsana mpaka pamsewu, pamene iye anali ku msonkhano wa makwaya. Anamva, anadziwa kuti anachimwa, koma sanapite kukapepesa.

Musaganize kuti anasiya kulankhula nawo. Ayi, munthu waukhondo sasunga mkwiyo poonekera. Akamadutsa ankaliza belu n'kukuwa ali pachishalo kuti, “Mwadzuka bwanji achimwene?” Pa Khirisimasi ankatumiza paketi ya shuga kwa alamu ake. Anthu n'kumati abale awa anagwirizana, chibale ndi fupa sichiola. Koma mapazi ake sanapondepo pansi pa kesha paja. Moni wa pachishalo ndi wotchipa, abale anga, chifukwa yankho lisanafike umakhala utadutsa.

Tsiku lina mayi wina anatsika pa njinga yake ndi banga lakuda pa chitenje chatsopano, ndipo anamunyoza pagulu. Sabata yotsatira mayi yemweyo anakwera ya mnzake wa tcheni chophika. A Yotamu anaona zonsezi ali tsidya lina. Anatuma mawu kudzera kwa wakabaza wina kuti mng'ono wawo abwere ndi njinga, adzamutsukira ndi kumuphikira, sadzalipira kanthu, angobwera adzakhale pansi.

Iye anayankha kuti ali ndi makasitomala ambiri, adzaona tsiku lina.

Koma tcheni chophika ankachifuna. Choncho anayamba kusuzumira ali pa siteji. Kuchokera patali sankaona botolo, sankaona madzi a sopo, chifukwa zimenezo zinkachitikira pansi, kuseri kwa benchi. Ankangoona mbaula, chitini ndi tcheni chikulendewera pamsomali. Anzake ankanena ndithu kuti kumakhala kutsuka kaye, koma iye anati kutsukako ndi kwa anthu auve, chake amachipukuta tsiku lililonse. Paja safunsa anadya phula.

Anagula makandulo. Anapita kuseri kwa nyumba yake, kumene kunalibe womuona. Anachotsa tcheni, anachipukuta ndi kansanza mpaka kunja kunawala, n'kuchiponya m'chitini. Phula linada pang'ono, iye anati ndi utsi wa makala. Anachivuula, chinazizira, anachibwezera pa njinga. Kuchigwira ndi dzanja, dzanja loyera. Kupalasa, zii, osamveka kanthu. Anasangalala kwambiri, ndipo mawa lake anadutsa pa kesha paja pang'onopang'ono kuti mkulu wake aone.

A Yotamu anaona. Anangopukusa mutu n'kupitiriza kumanga sipoko.

Tsono imvani chimene chinkachitika m'kati. Phula silimata pa chitsulo cha mafuta. Limafuna chitsulo chosambitsidwa, chouma, kuti lilowe m'mfundo n'kukhazikika. Mu tcheni cha munthu uja m'mfundo munali modzaza kale, munali oyilo wakale ndi mchenga wa misewu yonse imene anayendamo. Phula linangokuta pamwamba n'kutsekera mchenga uja momwemo. Kunja kunali koyera, m'kati mchenga ukupera. Pakapita masiku phula linkayoyoka, tcheni n'kuyamba kulira, iye n'kubwerera kuseri kwa nyumba ndi makandulo ena. Ankaphika pamwamba pa zophika. Amayi ovala zoyera anabwerera kwa iye, ndipo iye ankawauza kuti tcheni chake amadziphikira yekha, safuna thandizo la munthu.

Chaka chimenecho a Yotamu anayamba kudwala. Poyamba ankabwera mochedwa pansi pa kesha, kenako anasiyiratu. Akazi awo, a Nachisale, anawatengera kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri, kumene minibasi sifika. Wakabaza uja anamva. Anatumiza shuga. Lamulungu anapempha mpingo kuti upempherere achimwene ake, ndipo mawu ake ananjenjemera bwino kwambiri. Anthu ankamufunsa kuti akapita liti kukawaona, iye n'kumati akangopeza mpata. Chimene ankaopa sichinali phiri. Ankadziwa kuti pambali pa mphasa ya wodwala palibe chishalo, munthu umakhala pansi.

M'mawa wina foni inalira. Anali alamu ake.

“Achimwene anu akukufunani. Akuti mubwere lero, osati mawa.”

Apa mtima wake unasweka, ndipo ndinene zoona, unasweka ndithu. Analira. Anakwera njinga, ndipo njira yonse ankayeseza mawu amene anawameza zaka zonsezo: achimwene, ndinakunamizirani pamaso pa anthu, mundikhululukire. Mawu anali okonzeka. Chinangotsala n'kufika.

Pachidikha njinga inathamanga bwino. Atafika pa mtunda waukulu anaimirira pa mapedulo, ndipo tcheni chinayamba kudumpha mano. Anapondanso mwamphamvu. Chinaduka, iye n'kumenyetsa bondo pansi. Anatola tcheni chija, anafuna mwala ndi msomali kuti alumikize, ndipo m'pamene anaona m'kati mwake koyamba. Timisomali ta m'mfundo tinali titadyeka, tatsala ngati minga, ndipo m'mabowo munkatuluka phala lakuda lomwe lija. Analumikiza, anakwera, chinadukanso pena. Linali tsiku la msika kumbali ina, ndipo msewu wa kuphiri unalibe ndi njinga imodzi yomwe. Anayamba kukankha, akutsimphina, dzuwa likukwera, kenako likupendeka.

Atayandikira mudzi anaona masamba atayalidwa modutsa msewu. Anali aawisi, asanafote n'komwe. Mwambo umati wanjinga akafika pa masamba a maliro atsike. Iye anali wotsika kale.

Analowa m'nyumba ya siwa manja ali bii ndi zakuda zimene ankati alibe. Anagwada pambali pa mkulu wake n'kunena mawu onse aja, amodziamodzi, monga anawayesezera. Anawanena bwino. Koma a Yotamu anali atafunditsidwa kale nsalu kumaso.

Maliro atatha, a Nachisale anamuitanira pakhonde n'kumupatsa kanthu kokulungidwa m'pepala la shuga, shuga yemwe uja ankatumiza. M'kati munali tcheni chatsopano, chotsukidwa, chophikidwa, chouma bwino.

“Anakukonzerani asanagone pansi,” anatero. “Ndinkati ndikutumizireni, iwo ankakana. Ankati mudzabwera nokha, mudzakhala pabenchi.”

Anabwerera nacho kwawo n'kuchiika pa njinga. Sichinagwire. Tcheni chakale chija chinali chitadya mano a kalanka ndi a fuliwilo, ndipo tcheni chabwino sichikhala pa mano odyeka, chimangodumpha. Anachichotsa n'kuchikoleka pamsomali m'nyumba mwake. Anagula zitsulo zina, njinga inayendanso, makasitomala anabwerera. Koma tcheni cha achimwene ake sanachigwiritse ntchito. Chikadali pamsomali, ndipo amachiona m'mawa uliwonse akamasita malaya.

Abale ndi alongo, nkhani imeneyi imandiwawa, ndipo sindikuuzani kuti musangalale nayo. Imandiwawa chifukwa ine amene ndaima pano ndimaika maliro a mpingo uno. Ndimamva zimene mumanena pamanda. Anthu olankhula bwino kwambiri kwa akufa ndi amene analephera kuwoloka msewu akufawo ali moyo.

Phula silinalakwe. Phula ndi labwino. Kuimba kwaya n'kwabwino, chopereka n'chabwino, moni ndi wabwino, shuga ndi wabwino. Pemphero ndi labwino koposa. Koma ambiri a ife timabwera muno Lamulungu ndi tcheni chopukuta kunja, n'kumati Mulungu atiphike. Tikufuna atidalitse, atikute, tisadetse chitenje cha munthu, tisamveke kulira tikamadutsa. Botolo la parafini sitilifuna. Sitifuna kukhala pabenchi n'kuona ndi maso athu zimene zikutuluka mwa ife, makamaka pamaso pa munthu amene tinamulakwira. Timati ndinalapa mumtima. Mumtima ndi kuseri kwa nyumba, abale anga, kumene kulibe wokuona. Munanena bodza pabwalo, anthu akumva, ndipo mukufuna kulifafaniza ndi belu.

Chisomo cha Mulungu si utoto wobisira dzimbiri. Chimalowa pamene patsukidwa, ndipo kutsukako ndi kuvomera: ndinachita ichi, kwa uyu, ndinalakwa. Mukakana zimenezo, zonse zimene mukuthira pamwamba zikungotsekera mchenga m'kati. Pachidikha simudzadziwa. Mudzayenda bwino, anthu adzakuyamikirani ukhondo. Mudzadziwira pa mtunda, tsiku limene mukufunitsitsa kufika.

Ndipo chowawa kwambiri ndi ichi: chikhululuko chinalipo. Chinali chokonzedwa kale, chokulungidwa, chikungodikira kuti munthu awoloke msewu n'kukhala pansi. A Yotamu sanafune malipiro. Mulungu safunanso malipiro. Koma sadzakutumizirani pa njinga ya mnzanu chimene akufuna kukupatsani m'manja.

Aliyense wa inu akudziwa mtengo wa kesha wake, ndipo akudziwa amene wakhala pansi pake. Ena ndi mlongo wanu, ena ndi mkazi amene mwabwera naye, ena ali muno ndipo mwawapatsa moni pakhomo. Tikatuluka, musathamangire kunyumba kukagula makandulo. Tsikani pachishalo, wolokani msewu, kakhaleni pabenchi pamene mwini benchi akadali wokhoza kukuyankhani. Masamba akayalidwa pamsewu mudzatsika ndithu, koma simudzatsikira kukhululukidwa.